Momwe mungayezere mpweya wa CO2 m'kalasi ndi sensa ya infrared

M'kalasi modzaza ana, mazenera ali chitsekere, carbon dioxide (CO2) imene timatulutsa popuma imachuluka msanga, koma mphuno siingakuuzeni. Sensa yaing'ono ingathe.

Mkati mwake muli kanjira kodutsa mpweya. Uku kuli kababu kapena LED yotulutsa kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso, uko kuli kachipangizo kolandira kuwalako. CO2 imameza gawo lina la kuwala kumeneku (la mafunde otalika ma micrometer 4.26), ndiye kukafika kochepa, sensa imadziwa kuti mpweyawu wachuluka.

Choyamba, gulani yolembedwa kuti NDIR, dzina la sensa zoyeza ndi infrared motere. Zolembedwa eCO2 zisiyeni, zimangoyerekeza. MH-Z19B ya kampani ya Winsen ya ku China ndi yabwino poyambira, ndipo imayendera kababu. Ngati mudzadalira batire kapena sola, ganizirani za Cozir ya ku Scotland, yomwe ili ndi LED ndi photodiode, kachipangizo kolandira kuwala. Imadya magetsi ochepa kwambiri chifukwa ilibe waya woti utenthe.

Tsopano lumikizani MH-Z19B ku ESP32, kabolodi ka kompyuta kowerenga manambala a sensa. Vin ipite ku 5V, GND ku GND, TX ya sensa ku RX ya bolodi, RX ku TX. Liwiro la UART, njira yolankhulirana sensa ndi bolodi, likhale 9600 mu pulogalamu ya bolodiyo. Mukayatsa, dikirani mphindi 3.

Gawo lotsatirali musalidumphe. Tulutsani sensa panja, pamthunzi, kutali ndi msewu ndi moto wophikira. Ikhale yoyaka mphindi 20, kenako gwirizanitsani pini ya HD ya pa sensa ndi GND kwa masekondi opitirira 7. Idzatenga mpweyawo ngati 400 ppm, kutanthauza magawo 400 a CO2 pa magawo miliyoni a mpweya. Wapanja masiku ano wadutsa pang'ono 420, koma kusiyanako sikusokoneza ntchitoyi. Imilirani patali, pakuti mpweya wam'kamwa mwanu uli ndi pafupifupi 40,000 ppm.

Sensayi imadzikonzanso yokha maola 24 alionse, poganiza kuti nambala yotsikitsitsa ya tsikulo ndi ya mpweya wapanja. M'kalasi imene usiku imakhala yopanda anthu zimayenda bwino. M'chipinda chosachoka anthu, zimitsani kudzikonza kumeneku, kotchedwa ABC, mu pulogalamu, apo ayi idzakunamizani.

Ipachikeni pakhoma, molingana ndi mitu ya ana atakhala, osati pafupi ndi zenera kapena chitseko. Ikadutsa 1,000 ppm, tsegulani mazenera mbali zonse ziwiri.

Chonde, musaidalire pa mbaula. Mpweya umene umapha anthu ogona ndi makala m'nyumba ndi carbon monoxide, ndipo sensa iyi siiuona. Mbaula itulutseni panja musanagone.