Mazda MX-5 yanga inkamwa petulo ngati madzi

Galimoto yanga ya 1991 inayamba kutulutsa utsi wakuda, fungo la petulo ponseponse, ndipo mapulagi onse 4 ankada mwaye pasanathe sabata. Makaniko wina anati ndigule regulator yatsopano, kachipangizo kowongolera presha (mphamvu yokankha) ya petulo. Ine ndinakana kugula chinthu ndisanayeze.

Ndinabwereka geji yoyezera presha n'kuilumikiza papaipi yolowetsa petulo mu injini. Pa MX-5 ya zaka zimenezi, presha imayenera kukhala cha m'ma 3 bar ukachotsa kapaipi ka vacuum (kokoka mpweya kupita mu injini) pa regulator, ndipo imatsika pang'ono kapaipiko kakabwerera. Yanga inkasonyeza kupitirira 5. Nditachotsa kapaipiko, muvi wa geji sunagwedezeke n'komwe.

Apa m'pamene ambiri amanamizidwa. Regulator imatsitsa presha pobweza petulo wotsala kuthanki. Njira yobwererayo ikatsekeka, ngakhale regulator yabwinobwino imaoneka ngati yafa. Ndiye ndinazimitsa injini, ndinamasula paipi yobwerera, n'kulumikiza ina pa regulator yolowera m'chigubu, chozimitsira moto chili pambali. Nditaliza injini, muvi unatsikira pa 2.5. Regulator inalibe mlandu.

Ndinalowa pansi pa galimoto ndi tochi, n'kumatsatira ndi chala paipi yachitsulo yobwezera petulo kuthanki. Pafupi ndi tayala lakumbuyo inali yophwatalala ngati udzu wopondedwa, chizindikiro cha jeke chikuonekeratu. Amene anaika jekeyo pamenepo ndine ndemwe, tsiku lomwe ndinaphulitsa tayala usiku.

Ndinasintha paipiyo, ndinaika mapulagi atsopano, komanso oyilo, chifukwa anali atasakanikirana ndi petulo mpaka kununkha.