Galu wokalamba akayamba kusokonezeka, musathamangire kutola miyala

Kuno ku Mangochi galu akangochita zachilendo, mawu oyamba amene timamva ndi akuti wapenga, ndipo ana amayamba kumugenda. Mantha a chiwewe ndi oyenera, koma si galu aliyense wosokonezeka amene ali ndi chiwewe. Agalu ena angokalamba basi.

Galu akapitirira zaka 8 kapena 9, ubongo wake ukhoza kuyamba kufooka monga zimachitikira agogo ena amene amaiwala njira ya kwawo. Mumuona ataima pakona ya mpanda, kusowa potulukira pabwalo lomwe anakulira. Masana amangogona, usiku n'kumayendayenda ndi kuuwa popanda chomwe waona. Amakodza pamene amagona, zomwe kale sankachita, ndipo nthawi zina amamuyang'ana mwini wake ngati mlendo.

Chosiyanitsa chachikulu ndi nthawi. Ukalamba umabwera mwapang'onopang'ono, miyezi ndi miyezi, galu akudya ndi kumwa bwinobwino. Chiwewe chimabwera mwadzidzidzi: galu amatuluka dovu, amalephera kumeza, amaluma chilichonse, miyendo imazizira, ndipo kawirikawiri safika masiku 10 asanafe. Mukakayikira, musamugwire ndi manja. Mutsekereni payekha, ana akhale kutali, itanani alangizi a ziweto. Ngati waluma munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala lioneke laling'ono.

Kufooka kwa ubongoku sikuchira, koma galu akhoza kukhala nako mwamtendere. Chimene ndimapempha kwambiri ndi chakuti musamusinthiresinthire zinthu. Mbale yake ikhale pamalo amodzi, chakudya pa nthawi imodzi, pogona pomwe anazolowera. Mano akakhala otha, mufewetsereni nsima ndi msuzi, muikemo usipa pang'ono. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala m'mbali mwa nyanja kumawalefula kwambiri agalu okalamba, ndipo wosokonezeka amatha kuiwala pamene pali madzi, choncho muikireni madzi pamthunzi pafupi ndi pogona pake. Madzulo kukazizira yendani naye pang'ono, mumulole anunkhize zinthu, kuti usiku agone. Mukamayandikira, muyankhuleni kaye, chifukwa ambiri amakhalanso ogontha kapena ali ndi ng'ala, ndipo akadzidzimuka amaluma.

Zimandiwawa ndikaona galu amene walondera nyumba zaka 10 akukwapulidwa chifukwa wakodza pakhonde. Sakudziwa chimene walakwa, ndipo chikwapu chimangowonjezera mantha.

Ngakhale galu wamng'ono, akamakhala pa unyolo usana ndi usiku, maganizo ake amasokonezeka: amazungulira kuthamangitsa mchira wake, kapena kunyambita mwendo mpaka chilonda. Ameneyu mumumasule tsiku lililonse, ayende ndi munthu.

Katemera wa chiwewe musamudumphitse, kaya galu ndi nkhalamba. Abayitseni chaka ndi chaka ndipo chikalata chake musunge, chifukwa alangizi akabwera kudzaona galu wosokonezeka, ndicho adzayambe kufunsa.