Momwe mungayezere mafuta amene galimoto yanu yaing'ono ikumwadi

Munthu akamagula Vitz, Passo, Mira kapena Alto yochokera ku Japan, kaya ndi ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mawu amene amauzidwa ndi amodzimodzi: akuti galimotoyo simwa mafuta, imangonunkhiza. Mawuwa ali ndi pogwira, chifukwa injini ya 660cc ya Mira ndi Alto, ngakhalenso ya 1000cc ya masilinda atatu imene ili mu Vitz ndi Passo zambiri, singafanane ndi ya galimoto yaikulu. Koma sathandiza munthu amene akufuna kudziwa ndalama zoti apatule pa malipiro ake a mwezi kuti azifika ku ntchito, kutula ana ku sukulu ndi kukaona makolo kumudzi.

Manambala a m'mabuku a kampani nawonso musawadalire kwambiri. Daihatsu itatulutsa Mira e:S mu 2011 inalengeza kuti imayenda makilomita 30 pa lita imodzi, ndipo Suzuki inalengeza makilomita 37 pa Alto ya mu 2014. Manambalawa si abodza, koma anapezeka pa muyeso wotchedwa JC08, pamene galimoto imayendetsedwa pa makina m'nyumba yoyesera kwa mphindi pafupifupi 20, mtunda wongopitirira pang'ono makilomita 8, eyakoni ili yozimitsa, popanda chitunda, dzenje kapena thumba la chimanga kumbuyo. Dziko la Japan lenilenilo linasinthira ku muyeso wina wa WLTC mu 2018 pofuna manambala oyandikira zenizeni. Galimoto imene yayenda zaka khumi isanafike kuno, n'kumakhala pa mzere wa pa Masauko Chipembere Highway madzulo alionse, singapereke nambala ya m'buku. Komanso petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo lita ya ethanol ili ndi mphamvu yocheperapo kusiyana ndi ya petulo, choncho mtunda umatsikako pang'ono.

Njira yodalirika ndi imodzi: kudzadza thanki, kuyenda, kudzadzanso mofanana ndendende ndi poyamba, kenako kugawa makilomita ndi malita. Geji ya mafuta singagwire ntchitoyi, chifukwa thanki si yofanana kukula kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo n'chifukwa chake singano kapena timizere ta geji timachedwa kutsika thanki ikadzadza koma timathamanga ikafika pa theka.

Choyamba: matayala ndi mtunda

Musanathire mafuta, tsegulani chitseko cha dalaivala ndipo muwerenge kachikalata komatidwa pa mzati wake. Pamenepo palembedwa kukula kwa matayala amene kampani inaika ndi mpweya woyenera, nthawi zambiri mu kPa, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya mpweya wa m'tayala. Ngati geji ya pamalo popopera ili mu psi, dziwani kuti 220 kPa ndi pafupifupi 32 psi. Popani m'mawa matayala asanatenthe.

Kukula kwa tayala kuli ndi nkhani yake. Ambiri timaika matayala aataliko pofuna kuti mimba ya galimoto isamagunde pa mahampu ndi m'misewu ya fumbi, ndipo nzeru imeneyo ndi yomveka. Koma galimoto imawerengera mtunda potengera kuzungulira kwa tayala limene inabwera nalo. Mwachitsanzo, Vitz yobwera ndi 165/70R14 ikaikidwa 185/70R14, tayala latsopanolo limaposa lakalelo ndi pafupifupi 5 peresenti, choncho mukayenda makilomita 100 enieni galimoto imalemba pafupifupi 95, ndipo imaoneka ngati ikumwa kwambiri pamene sizili choncho. Yatsani GPS ya pa foni pa msewu wautali ngati wa Blantyre kupita ku Zomba kapena wa Lilongwe kupita ku Salima, ndipo muyerekeze mtunda wa pa foni ndi wa pa galimoto. Kusiyana kumene mwapezako mukusandutse peresenti, ndipo peresentiyo muziiwonjezera pa mtunda uliwonse umene mudzalembe.

Chachiwiri: kudzadza thanki

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene muyeso wanga unasokonekerapo. Ulendo woyamba ndinathira pamalo pamene konkire yake ndi yopendekera, ndipo wothira mafuta analeka pampu itangodula yokha koyamba. Pobwerera ndinathira pamalo ena, inali nthawi imene mafuta ankasowa, ndipo mnyamata amene anandithandiza anachita zimene ankaona kuti ndi chifundo. Anati, "Bwana, tidzadze bwinobwino, za mawa sizidziwika." Anagwedeza galimoto ndi bondo, n'kumadontheza pang'onopang'ono mpaka petulo anaoneka akunyezimira pakamwa pa thanki, kenako anawonjezeranso kuti ndalama ikwane yopanda chenji. Nditawerengera, Vitz yanga inaoneka ngati ikuyenda makilomita 11 okha pa lita, ndipo ndinapita nayo kwa makaniko amene anayang'ana mapulagi ndi sefa ya mpweya osapeza vuto lililonse. Galimoto inali bwino. Malita owonjezera aja sanapse mu injini, anali m'khosi mwa thanki, koma pa pepala anawerengedwa ngati amwedwa.

Zili ngati kuyeza chimanga ndi ndowa imodzi, ulendo wina yosalaza pakamwa, ulendo wina yotundumuka. Pakati pa pomwe pampu imadula koyamba ndi pakamwa pa thanki pamatha kulowa malita angapo, chifukwa pali khosi lalitali komanso mpata wa mpweya umene opanga galimoto anausiya dala. Tiyerekeze kuti mwayenda makilomita 120 ndipo galimoto yamwa malita 8, omwe ndi makilomita 15 pa lita. Wothira akangowonjezera malita 2 pamwamba, mudzagawa 120 ndi 10 n'kupeza 12. Zikatembenuka, poyamba n'kukhala kuti anadzadza mpaka pakamwa koma kachiwiri analeka msanga, mudzagawa 120 ndi 6 n'kupeza 20, ndipo mudzayamba kuuza anzanu nambala imene galimotoyo sinayendepo.

Choncho chitani izi mosaphonya. Sankhani malo amodzi omwetsera mafuta ndi pampu imodzi, ndipo muziimika galimoto moyang'ana mbali yomweyo nthawi zonse, chifukwa kupendekera kwa pansi kumasintha malo amene mpweya umatsalira mu thanki. Zimitsani injini, tsikani, ndipo muone ndi maso anu kuti manambala a pa pampu ayambira pa ziro. Muuzeni wothirayo mwaulemu asanayambe kuti, "Achimwene, ikangodula koyamba mulekere pomwepo, musawonjezere," chifukwa mukachedwa kunena dzanja lake limakhala litazolowera kale kudontheza. Ngati pampuyo ikuthira mothamanga kwambiri, mupempheni achepetse, popeza petulo wothamanga amachita thovu ndipo pampu imadula thanki isanadzadze. Pampu ikadula mutangoyamba kumene, malita ali ochepa moonekeratu, ndiye kuti payipi sinalowe bwino, ndipo ayikonze n'kupitiriza. Nkhani ya chenji muikonzekeretu, kaya ndi ndalama zing'onozing'ono kapena kulipira pa foni, kuti pasakhale chifukwa chowonjezerera.

Kudzadza mpaka pakamwa kulinso ndi vuto lina. Petulo wochokera m'thanki ya pansi pa nthaka amakhala wozizira, ndipo akatenthedwa ndi dzuwa la mu Okutobala amafufuma, n'kutayikira kapena kulowa m'kabokosi ka makala kamene kanapangidwira kusunga nthunzi ya mafuta yokha. Kabokosiko kakanyowa, galimoto imayamba kununkha petulo ndipo nthawi zina imavuta kulira mukangothira.

Mukamaliza, jambulani manambala a pa pampu ndi foni, chifukwa inki ya pa lisiti imafufutika msanga m'galimoto yotentha. Chofunika ndi malita, osati makwacha. Musanachoke pamalopo bwezerani pa ziro TRIP A, kanambala ka pa dashboard kowerenga makilomita a ulendo.

Chachitatu: yendani mtunda wokwanira

Yendani monga mumayendera masiku onse, musayambe kuyendetsa mwaulemu chifukwa chakuti mukuyeza. Mtunda ukhale wosachepera makilomita 300, ndipo 400 ndi abwino koposa. Thanki ya Vitz ya 2005 mpaka 2010 ndi ya malita 42, ndiye mtundawu ndi wotheka popanda nkhawa. Za Mira ndi Alto ndi zazing'ono, malita 30 kapena kucheperako pa zatsopanopo, koma zimafikabe. Ubwino wa mtunda wautali ndi wakuti cholakwa cha pa pampu chimachepa mphamvu: malita 2 omwe aja, pa makilomita 450 ndi malita 30, amangotsitsa nambala kuchoka pa 15 kufika pa 14.

Nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene malo ena amaika malire a ndalama zimene galimoto imodzi ingathire, muyeso sufa ayi. Lembani malita onse amene mwathira pang'onopang'ono, musakhudze TRIP A, ndipo tsiku limene mudzapeze mwayi wodzadzanso muphatikize malita onsewo pamodzi ndi omalizawo. Malita a tsiku loyamba lija sawerengedwa. Chimene chimaononga muyeso ndi mafuta a m'zigubu a mavenda a m'mbali mwa msewu. Chigubu chimene akuti ndi cha malita 5 nthawi zambiri sichikhala chodzadza, ena amachiphwanya m'mbali kuti chichepe mkati, ndipo ena amasakaniza petulo ndi palafini, zimene zimachititsa injini kugogoda ndi kudetsa mapulagi, pamtengo woposa umene bungwe la MERA, loyang'anira za mafuta ndi magetsi, linakhazikitsa. Ngati mwakakamizika kugula kwa iwo, muyesowo muutaye ndipo mudzayambirenso.

Chachinayi: kuwerengera

Gawani makilomita ndi malita. Makilomita 420 ndi malita 30 ndi makilomita 14 pa lita. Ngati mukufuna nambala ya malita pa makilomita 100, imene imalembedwa pa magalimoto a ku South Africa ndi ku Ulaya, gawani 100 ndi 14, mupeza 7.1. Nambala imene imathandiza kwambiri pa bajeti ndi mtengo wa kilomita imodzi: tengani mtengo wa lita wa tsikulo muugawe ndi 14, kenako muchulukitse ndi mtunda wanu wa pa mwezi. Oyendetsa taxi ndi onyamula ana a sukulu ayenera kuidziwa nambala imeneyi asanatchule mtengo kwa kasitomala.

Thanki imodzi si umboni. Bwerezani katatu kapena kanayi, kenako muphatikize makilomita onse ndi malita onse n'kugawa kamodzi. Vitz yanga ya 1000cc imasewera pakati pa makilomita 12 ndi 14 pa lita m'tauni ya Blantyre, ndipo imakwera kufika cha m'ma 17 kapena 18 pa ulendo wa pa M1 wopita ku Lilongwe ngati sindikuthamangitsa. Ndi bwino kukhala ndi manambala awiri otere, chifukwa maulendo afupiafupi a m'tauni injini isanatenthe ndi amene amadya mafuta kwambiri, pamodzi ndi kuima pa mzere injini ikulira ndi eyakoni ili yoyatsa. Pa injini yaing'ono chonchi eyakoni imamveka ndithu, ndipo mukhoza kuyeza thanki imodzi muli nayo, ina mulibe, kuti muone mtengo wake. Nambala ya makilomita pa lita (km/L) imene galimoto zina zimaonetsa pa dashboard muiyerekeze ndi yanu, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti ya galimotoyo ndi yokomera.

Nambala ikakhala yotsika

Yambani ndi zotsika mtengo: mpweya wa matayala, sefa ya mpweya imene imatsekeka msanga ndi fumbi la m'chilimwe, ndi mabuleki ogwira, amene mungawazindikire ngati limu imodzi ikutentha kuposa zinzake mutayenda pang'ono. Funsani oyilo amene anathiridwa pa sevisi, chifukwa injini zimenezi zinapangidwira oyilo wopepuka ngati 0W-20 kapena 5W-30, koma magalaja ena amangothira wolemera wa 20W-50 pa galimoto iliyonse. Mapulagi a iridium abodza achuluka pamsika, m'mabokosi ofanana ndi enieni, ndipo mtengo wotsika modabwitsa ndiwo chizindikiro chake. Tizipangizo tobaya pa soketi ya galimoto ndi timapiritsi toponya mu thanki, timene amati timapulumutsa mafuta, musataye nato ndalama. Onetsetsaninso kuti thermostat, valavu imene imathandiza injini kufika pa kutentha koyenera, ilipo, popeza amakaniko ena amaichotsa poopa kuti injini itentha, ndipo injini yosafika pa kutentha kwake imapatsidwa petulo wambiri ulendo wonse. Nyali ya check engine ikayaka, pitani nayo kwa amene ali ndi makina owerengera vuto, chifukwa sensa ya mpweya wa ku ekizozi ikafa mafuta amapita ambiri galimoto ikuyenda bwinobwino. Ngati zonsezi zili bwino koma nambala imatsika pokhapokha mwathira pa pampu inayake, kapena pampuyo yalemba malita oposa kukula kwa thanki yanu, sungani lisiti ndi chithunzi chija ndipo mukadandaule ku Malawi Bureau of Standards, amene amayesa mapampu, kapena ku MERA.