Momwe mungadzutsire Commodore 64 yakufa ndi zipangizo za inzake

Commodore 64, kompyuta ya m'nyumba, inatuluka ku America mu 1982 pa mtengo wa madola 595, ndipo inapitiriza kupangidwa mpaka 1994 pamene kampani ya Commodore inagwa. Anagulitsa mamiliyoni ambiri, n'chifukwa chake mpaka lero makinawa akupezekabe m'magalaja a anthu ku UK, Germany ndi maiko ena, ambiri atafa. Koma kompyuta imeneyi siifa thupi lonse. Kawirikawiri chimafa ndi tchipi (kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri ka m'kati mwake) imodzi kapena ziwiri, ndiye mukakhala ndi makina awiri akufa mutha kudzutsapo amodzi.

Ngati wachibale akukutumizirani, muuzeni asake a ku UK. Magetsi ake ndi ofanana ndi athu, pulagi ndi ya mano atatu yomweyi, ndipo chithunzi chake ndi cha PAL, mtundu umene ma TV athu amalandira. A ku America amadya mavolti 120, chithunzi n'cha NTSC.

Choyamba, musayatse

Ndikudziwa manja akuyabwa, koma ilekeni. Chomwe chapha makina ambiri otere ndi adaputa yake yakale ija, chinjerwa cholemera chokhala ndi mawaya mbali ziwiri. Imatulutsa magetsi a mitundu iwiri, mavolti 5 a DC ndi mavolti 9 a AC. Ambiri mwa maadaputa amenewa anathiridwa phala louma gwa mkati, moti kutentha sikutuluka bwino ndipo kukonza n'kosatheka. Kachipangizo kogwira mavolti 5 kakatopa, magetsi amakwera n'kukawotcha matchipi a RAM (osunga zomwe kompyuta ikugwiritsa ntchito ikayaka), inu mukungoona nyali yofiira ikuyaka bwinobwino.

Tengani multimeter (mita yoyezera magetsi) muyeze kupulagi yozungulira ya adaputayo, ya DIN ya mapini 7, kompyuta isanalumikizidwe. Pakati pa pini 5 ndi pini 2 pazikhala mavolti 5. Samalani, nambala za mapini a DIN siziyenda motsatana mozungulira, choncho khalani ndi chojambula chake pafupi. Mita ikawerenga kupitirira 5.2, adaputayo yatha ntchito. Ine ngakhale iwerenge bwino sindiikhulupirira, poti ina imayamba misala ikatentha. Gulani yatsopano yopangidwira Commodore 64. Ndipo poti magetsi athu amathima n'kubwera ndi ukali, ikanipo choteteza chija timaika pafiriji kapena pa TV.

Tsegulani onse awiri, muwerenge mabolodi

Pansi, chakutsogolo, pali masikuluwu atatu. Mukamasula, tukulani chivundikiro kuchokera kutsogolo pang'onopang'ono, chifukwa kumbuyo chimagwidwa ndi tingowe tapulasitiki timene tatha zaka zoposa makumi atatu, ndipo timathyoka ngati bisiketi. Zulani waya wa kiyibodi ndi wa nyali.

Pabolodi pali nambala yolembedwa pambuyo pa mawu oti ASSY NO. Nambala imeneyi ndiyo ikuuzeni ngati makina anu awiri ali pachibale chenicheni. Mabolodi aatali a 250407 ndi 250425 amabwerekana matchipi ambiri popanda vuto, ndipo onse ali ndi ma RAM asanu ndi atatu a 4164. Bolodi ya 250466 nayonso ndi yaitali, koma ili ndi ma RAM awiri okha a 41464. Koma bolodi yaifupi ya 250469, imene imapezeka m'makina ambiri a C64C (mtundu wapambuyo wa Commodore 64), ndi fuko lina ndithu.

Apa ndi pomwe anthu amalira. Tchipi ya mawu, SID, pabolodi yaitali ndi 6581 ndipo imadya mavolti 12. Pabolodi yaifupi ndi 8580, ya mavolti 9. Zonse zili ndi miyendo 28 ndipo zimalowa m'soketi imodzimodzi ngati zinabadwira momwemo. Mukaika 8580 pabolodi yakale, mwaiwotcha, ndipo matchipi amenewa anasiya kupangidwa kalekale. N'chimodzimodzi ndi tchipi ya chithunzi, VIC-II: 6569 ndi ya bolodi yaitali ya PAL, 8565 ndi ya yaifupi, 6567 ndi ya ku America. Yosavuta ndi purosesa, poti 6510 ndi 8500 zimasinthana.

Sankhani bolodi yoti ikhale yamoyo. Yang'anani yopanda dzimbiri, yopanda timizere tamkuwa todukaduka, komanso imene mmisiri wina sanailimepo kale ndi chowotcherera. Inayo ikhala nkhokwe. Tsukani bolodi yamoyoyo ndi mswachi wofewa ndi isopropyl alcohol (spiriti yotsukira zamagetsi), muisiye iume. Yezaninso fyuzi ya galasi ili pabolodipo. Musanagwire tchipi iliyonse, yambani mwakhudza chitsulo chachikulu kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke.

Lolani sikirini ikuuzeni matenda

Zulani SID muisunge pambali, kompyuta imayaka ndithu popanda iyo. Lumikizani adaputa yatsopano ndi waya wa AV kupita kubowo lachikasu la TV, kenako yatsani. Makina abwino amaonetsa sikirini ya buluu, mawu oti 38911 BASIC BYTES FREE, ndi READY. pansi pake.

Sikirini ikangoti bii, woyamba kumuganizira ndi PLA, tchipi yolembedwa 906114-01 imene pa 250407 imakhala pamalo a U17. Imatentha kwambiri ndipo imafa kuposa zinzake. Zilembo zosokonekera, kapena nambala yochepera 38911, nthawi zambiri ndi RAM. Yatsani kwa masekondi ochepa n'kugunda tchipi iliyonse ya RAM ndi nsonga ya chala; yotentha mokuthawitsani chala yapsa. Ma RAM olembedwa MT ali ndi mbiri yoipa pankhaniyi. Sikirini ikabwera bwino koma kiyibodi osayankha, pitani kwa matchipi awiri a CIA 6526, amene ali pamalo a U1 ndi U2. Wa U1 ndiye amamvera kiyibodi ndi joyistiki. Asinthanitseni malo: vuto likasamuka, mwamugwira.

Mukapeza katiriji ya Dead Test, kabokosi koyezera matenda kolowetsa kumbuyo kwa kompyuta, ntchito imapepuka. Imayeza RAM ngakhale sikirini ili yakuda, ndipo imaphethiritsa sikirini kangapo kusonyeza tchipi yolakwa.

Kusamutsa tchipi

Sinthani chinthu chimodzi, yatsani, onani, zimitsani. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa yomwe inali yakufa, ndiponso mwina yochokera kunkhokwe nayo ndi maliro.

Tchipi ya m'soketi njosavuta. Lowetsani kasikuludiraiva kafulati pansi pake, tukulani pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali inayo, mpaka ituluke yowongoka. Poika, kamphako kali kumutu kwa tchipi kayang'ane komwe kayang'ana chojambula cha pabolodi. Tchipi yoikidwa motembenuza imapsa musanaphethire.

Yowotchereredwa pabolodi ndiyo imafuna mtima wodekha, ndipo kachitidwe kake kamasiyana pamabolodi awiriwa. Pabolodi yankhokwe mukufuna tchipi, bolodi iwonongeke kaya. Sungunulani solder (chitsulo chofewa chomatira miyendo pabolodi) mwendo umodziumodzi, muziyamwa ndi kapampu kake, ndipo muzidumphadumpha miyendo kuti kutentha kusaunjikane mbali imodzi. Solder yakale ikakana kusungunuka, onjezerani yatsopano pang'ono, imafewa msanga. Pabolodi yamoyo mukufuna bolodi, tchipi yakufa ilibenso ntchito. Dulani miyendo yake yonse ndi kapulayala, chotsani thupi, kenako zulani miyendo umodziumodzi. Musakoke mwamphamvu. Ndinadzulapo kamzere kamkuwa chifukwa cha phuma, ndipo ndinatha madzulo onse ndi galasi lokulitsa ndikulumikiza kawaya kopyapyala ngati ulusi.

M'mabowo oyerawo wotchereranimo soketi, osati tchipi. Tsiku lina idzafunanso kusinthidwa. Gwirani ntchitoyi pawindo lotsegula ndipo sambani m'manja mukatha, solder ya nthawi imeneyo ili ndi mtovu.

Kiyibodi ndi kumaliza

Mabatani othyoka tengani kunkhokwe. Ngakhale kiyibodi yonse ya VIC-20, kompyuta ina ya Commodore, imagwira pa Commodore 64, koma ya inzake ya C16 ayi, ngakhale zikuoneka zofanana. Mabatani ena akamakana, masulani timasikuluwu tambirimbiri takumbuyo, sungunulani mawaya awiri a SHIFT LOCK, pukutani bolodi yake ndi isopropyl. Timasikuluwuto tiikeni m'kapu, tikagwa pansi simutionanso.

READY. ikabwera, zimitsani, bwezerani SID yoyenera bolodi yanu. Pakani mafuta atsopano ochotsa kutentha pa VIC-II musanatseke kabokosi kake kachitsulo. Yatsaninso, lembani POKE 53280,0 n'kudina RETURN. M'mphepete mwa sikirini mude. Lembani POKE 54296,15 TV mutaikweza mawu. Ndi 6581 mumva kakuti thu. Isiyeni ikuyaka ola lathunthu musanatseke chivundikiro, poti PLA yodwala imatha kuyamba bwino n'kukomoka ikatentha. Matchipi otsala pankhokwe abayeni pathovu lakuda loteteza matchipi ku magetsi a m'thupi, mulembe ndi cholembera omwe mwawayesa ndi omwe simunawayese.