Mzuzu mpaka Likoma pa ndege: momwe mungawerengere mtunda ndi nthawi

Ilala imafika ku Likoma kuchokera ku Nkhata Bay kamodzi pa sabata, ndipo ulendo wake umadya maola ambiri. N'chifukwa chake ena akakhala pa changu amaganiza za kandege ka hayala. Musanayimbire eni ndege, masamu ake mutha kupanga nokha pa foni.

Yambani ndi mtunda wa m'mwamba, osati wa msewu. Tsegulani Google Maps, dinani osachotsa chala pa bwalo la ndege la Mzuzu, sankhani Measure distance, kenako kokerani mpaka pa bwalo la Likoma. Mupeza makilomita pafupifupi 105. Pa masamba ena a intaneti amafuna zilembo za mabwalowa: ZZU ndi Mzuzu, LIX ndi Likoma. Mukaona 57 musadabwe, amenewo ndi mamailosi a oyendetsa ndege, ndipo imodzi ndi makilomita 1.852.

Chachiwiri, funsani kuti ndegeyo ndi yamtundu wanji. Cessna 206, yonyamula anthu asanu kupatula woyendetsa, imathamanga makilomita 260 pa ola kapena chapompo. Gawani 105 ndi 260, yankho lake chulukitsani ndi 60: mphindi 24. Caravan, yokulirapo, imangopungulako mphindi zitatu kapena zinayi. Pa mtunda waufupi chonchi, kulipira zambiri chifukwa cha liwiro lokha n'kutaya ndalama.

Tsopano ikanipo mphepo, apa ndi pomwe ambiri amaiwala. Likoma ili kum'mwera chakum'mawa kwa Mzuzu, komwe mwera umachokera m'miyezi yozizira, makamaka Juni ndi Julayi. Popita ndiye kuti mukulimbana nawo maso ndi maso. Tiyerekeze ukuwomba makilomita 30 pa ola: liwiro latsika kufika 230, mphindi zakwera kufika 27. Pobwerera mwera womwewo ukukukankhani kumsana, mphindi 22 mwafika. Onjezeraninso mphindi 10 mpaka 15 zoyenda pansi, kukwera, ndi kuzungulira bwalo musanatere. Zonse pamodzi ndi mphindi 32 mpaka 42.

Koma nthawi yeniyeni imathera pansi. Fikani ola lathunthu ndege isananyamuke, chifukwa katundu amakwezedwa pa sikelo, nthawi zina ndi inu nomwe. Kawirikawiri malire ake ndi makilogalamu 15, m'chikwama chofewa. Sutikesi yolimba nthawi zambiri siyilowa m'kamalo kosungira katundu. Mzuzu ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,250, ndipo m'mawa wa nyengo yozizira nkhungu imatha kukuta mapiri onse. Zikatero woyendetsa amadikira kuti kuyere, inu muchite kudandaula bwanji. Ndege zazing'onozi zimayenda masana, choncho musakonze zonyamuka dzuwa litapendeka kale.

Pomaliza funsani komwe ndegeyo imagona. Zambiri za hayala zimakhala ku Lilongwe, pa bwalo la Kamuzu, makilomita pafupifupi 260 kuchokera ku Mzuzu. Kuti idzakutengeni iyenera kuuluka ola lathunthu yopanda munthu, ndipo mafuta a ulendo umenewo amalowa pa bilu yanu. Ngati mukuchokera chigawo chapakati, musavutike kukwera basi ya ku Mzuzu: Lilongwe mpaka Likoma ndi makilomita pafupifupi 215, ulendo wa ola limodzi.