Mwasintha mapulagi ndi mawaya ake, galimoto ikukana kulira

Ngati sitata ikuzunguza injini bwinobwino, batire ndi yabwino, isiyeni. Vuto lili pomwe manja anu anagwira, ndipo kawirikawiri amakhala mawaya osokonezedwa.

Pa injini ya Toyota 5A-FE, moto umafika ku masilinda motsatira ndondomeko ya 1-3-4-2, ndipo silinda yoyamba ndi ya kufupi ndi lamba wa timing. Londolani waya uliwonse kuchoka pa chivindikiro cha disitibiyuta (chipangizo chogawa moto ku mapulagi) mpaka pa pulagi yake. Mukasinthanitsa mawaya, moto umafika nthawi yolakwika. Injini imangotsokomola kapena kuphulika ku ekizozi. Waya aliyense mukankhe mpaka mumve kuti wagwira.

Kenako yesani moto. Masulani pulagi, ilumikizeni ku waya wake, igunditseni ku chitsulo cha injini ndi pulayala ya zogwirira za mphira, wina alize. Moto wabwino umathetheka mwamphamvu. Ukasowa pa mapulagi onse, onani soketi ya disitibiyuta, fyuzi yolembedwa IGN, komanso rota (kachipangizo kozungulira mkati mwa disitibiyuta), yomwe anthu amaiwala kubwezera.

Moto ulipo koma mapulagi anyowa petulo? Aumitseni, abwezereni, kenako lizani mutaponda akiselereta mpaka pansi. Musapitirire masekondi 10 nthawi imodzi, sitata ingapse.