Cholembera chingakudyetseni, koma musadalire buku lokha

Anzanga okonda kulemba, ambirife timaganiza kuti ndalama zili m'buku basi. Buku limachedwa kubweza. Mutha kusindikiza ndi ndalama zangongole, theka la makope n'kumangodyedwa ndi chiswe m'katoni kunsi kwa bedi.

Ine chimene chakhala chikundigulira ufa ndi kumasulira. Mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi amalemba timabuku tawo m'Chingerezi, pomwe mlimi wa ku Ntchisi akufuna uthengawo m'Chichewa chomveka. Ntchito imeneyi ilipo ndithu. Koma chonde gwirizanani mtengo musanayambe, muziwerengera pa liwu kapena pa tsamba, ndipo theka la ndalama liyambe lalowa pa Mpamba kapena Airtel Money. Ndinachezerapo masiku atatu ndikumasulira kabuku ka katemera, maso ali psuu, mwini ntchito atalandira anangozimitsa foni. Mpaka lero zimandiwawa.

Musanyozenso tintchito tapakhomo. Wachinyamata akufuna kalata yofunsira ntchito, gulu la banki m'khonde likufuna malamulo olembedwa bwino, wina akufuna mbiri ya malemu yoti iwerengedwe pamaliro. Ndalama zake n'zochepa, koma zimabwera pompopompo.

Nkhani zazifupi ndi ndakatulo tumizani ku Tikambe kapena Tamvani, masamba a Chichewa a m'nyuzipepa, kuti dzina lidziwike, ndipo mufunsiretu mkonzi ngati amalipira. Buku likadzatuluka, kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992.